Yesani Mbewu Yanu Pakhomo Mvula Isanagwe: Njira Zosaboola M'thumba kwa Alimi a ku Liwaladzi

Njere ya mpunga yomwe yakhala m'thumba kuchokera nthawi yokolola imaoneka chimodzimodzi, kaya ndi yamoyo kaya inafa kale. Alimi ambiri amazindikira vutoli ali kumunda, nazale itamera mwa apo ndi apo, kapena mapando a chimanga atakhala gwaa mvula yodzalira itapita. Pamenepo chotsala ndi kupakiza, ndipo mbewu yopakiza siipeza inzake msinkhu.

Kwa inu amene mumalima ku Liwaladzi ndi madera ena a pakati pa Bua ndi Dwangwa, vutoli ndi lalikulu pa zifukwa ziwiri. Choyamba, kunyanja kuno kumatentha komanso mpweya umakhala wa chinyezi, choncho mbewu yosunga imatha mphamvu msanga kusiyana ndi ku Ntchisi kapena ku Dowa. Chachiwiri, munda umodzi womwewo ungathe kuona madzi osefukira ndi ng'amba m'chaka chimodzi. Mukukumbukira 2024: kumapeto kwa Febuluwale madzi anasefukira ku Dwangwa n'kumiza minda ndi nyumba, m'Malichi boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha nyengo ya El Niño, ndipo chaka chomwecho nyanja inakwera n'kulowa m'minda ya m'mphepete.

Akatswiri a ku malo a kafukufuku a Chitedze ku Lilongwe ndi Lifuwu ku Salima amayesa mbewu asanailoleze kwa alimi. Zina mwa zomwe amachita zimafuna makina odula. Koma zambiri zimangofuna mchenga, madzi, sikelo, kope ndi munthu wodekha, ndipo izi mungachite pakhonde panu kapena pa kalabu m'mwezi wa Okutobala ndi Novembala.

Chomwe chimapangitsa kuyesa kukhala koona

Musanatole chitini ngakhale chimodzi, mvetsani ichi: kuyesa kopanda chofanizira sikukuuzani kanthu. Mukamiza mbande za mpunga m'madzi zonse n'kufa, simungadziwe ngati zafa ndi madzi, ndi dothi loipa, kapena zinali zodwala kale. N'chifukwa chake pa kuyesa kulikonse muzikhala ndi magulu awiri. Gulu lina mukulizunza, gulu lina mukulisamala monga mwa nthawi zonse. China chilichonse chifanane: dothi la malo amodzi losakanizidwa bwino, zitini zofanana kukula, tsiku lodzala limodzi, madzi oyeza ndi kapu imodzi.

Musadalirenso chitini chimodzi. Chitini chimodzi chikhoza kukhala ndi chiswe, kapena kudontha kwambiri, kapena nkhuku n'kujompha. Mtundu uliwonse ukhale m'zitini zosachepera zitatu, ndipo musaziike mtundu umodzi mbali imodzi. Zisakanizeni, n'kumazisuntha malo pa masiku awiri aliwonse, kuti pasakhale mtundu womwe ukudyerera mthunzi wa mango pamene unzake ukupsa ndi dzuwa.

Pali chinanso chomwe ambiri safuna kumva. Mlimi aliyense ali ndi mbewu ya pamtima pake, ndipo diso limakondera. Ngati mumakonda Kilombero, mudzaona Kilombero akuchita bwino ngakhale akufota. Njira yake ndi yosavuta: munthu mmodzi alembe manambala pa zitini n'kusunga pepala lonena kuti nambala iyi ndi mtundu uti, ndipo wowerenga akhale wina amene sakudziwa. Mwana wa sukulu amagwira bwino ntchito imeneyi. Zonse zilembedwe m'kope tsiku lomwelo, osati kusunga m'mutu.

Yambani ndi kuuma kwa mbewu

Kuyesa uku kumatenga mphindi zochepa. Umitsani mchere wa m'nyumba padzuwa kapena m'chiwaya mpaka uume ndithu. Tengani botolo lagalasi louma bwino, thiranimo mbewu kufika pafupifupi gawo limodzi la magawo atatu, onjezani masipuni awiri kapena atatu a mcherewo, tsekani ndi kukhutchumula kwa mphindi imodzi. Lisiyeni mphindi 15, kenaka khutchumulaninso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, ndiye kuti chinyezi cha mbewuyo chapitirira magawo 15 pa 100, pamene mbewu yosunga imafunika kukhala pa 13 kapena kutsika apo. Iyanikeninso. Akatswiri a mbewu ali ndi lamulo loti chinyezi chikatsika ndi gawo limodzi pa 100, moyo wa mbewu m'nkhokwe umawirikiza pafupifupi kawiri. Ndiye tsiku limodzi lowonjezera pa mkeka si lotaya.

Kuwerenga kameredwe

Uku ndiye kuyesa kofunika kuposa kwina konse, ndipo ngati mulibe nthawi ya zinazo, chitani kokhaku.

Tapani mbewu pamwamba pa thumba, pakati ndi pansi, sakanizani m'lichero. Musasankhe njere zokongola. Werengani monga zikubwerera m'dzanja, chifukwa kumunda mudzadzala zonse. Ku labotale amayesa njere 400, m'magulu anayi a njere 100. Kwa mpunga chitani chimodzimodzi, popeza njere 400 sizidzaza n'chikhatho chomwe. Kwa chimanga ndi mtedza, magulu anayi a njere 50 akwanira.

Nyowetsani chiguduli kapena nsalu yakale yochapa bwino, finyani kuti isadonthe madzi. Yalani njere m'mizere ya khumi khumi, zisakhudzane. Pindani nsaluyo ngati mukupinda mphasa, mangani kumapeto ndi luzi, ikani m'ndowa kapena m'jumbo yosatseka kwambiri, pamthunzi pomwe makoswe safika. Tsiku lililonse muziwaza madzi pang'ono. Ndi kutentha kwa Okutobala kuno, nsalu ikhoza kuuma pa theka la tsiku, ndipo ikangouma kamodzi kuyesa kwaonongeka. Ngati mulibe nsalu, mchenga wa kumtsinje wotsuka bwino m'beseni lobowola pansi umagwira ntchito yomweyo.

Werengani kawiri. Chimanga: tsiku la 4 ndi la 7. Mtedza: tsiku la 5 ndi la 10. Soya: tsiku la 5 ndi la 8. Mpunga: tsiku la 5 ndi la 14. Muwerenge zokhazo zomwe zatulutsa muzu ndi mphukira zonse ziwiri zooneka bwino. Njere yomwe yangotulutsa kamuzu kopindika, kapena yachita chuku, iwerengedwe ngati yakufa, chifukwa m'dothi siidzatuluka.

Kuwerenga koyamba kuja musakupeputse. Matumba awiri akhoza kufika onse pa 85 tsiku lomaliza, koma lina linafika pa 80 pa kuwerenga koyamba pamene linzake linali pa 40. Lachiwirilo ndi mbewu yotopa. Pa nsalu yamera, koma m'dothi lomwe lagwirana pamwamba mvula yamphamvu itagwa, yambiri idzafera pansi.

Chimanga chabwino chimere njere 90 pa 100, mpunga 80 kapena kuposa. Zikachepera pang'ono, onjezani mbewu. Tiyerekeze kuti mumafesa makilogalamu 10 a mpunga pa nazale mbewu ikamamera 90 pa 100, koma ya chaka chino yamera 72. Chulukitsani 10 ndi 90, gawani ndi 72: mufunika makilogalamu 12 ndi theka. Zikatsika kufika 60, musalimbane nayo; pezani ina nthawi ikadalipo.

Chenjezo kwa alimi a m'sikimu amene mumalima kawiri pachaka: mpunga wongokolola kumene umagona kwa masabata angapo, ndipo umamera pang'ono ngakhale uli wamoyo. Mukaona njere zambiri zili zolimba, zosawola koma zosamera, musaitaye mbewuyo. Iyanikeni padzuwa masiku angapo, dikirani sabata ziwiri, yesaninso.

Mbewu yogula iyesedwenso. Gulani msanga, tsegulani pakona pa paketi, yesani, ndipo sungani paketiyo, chikalata chake chokhala ndi nambala, ndi lisiti. Pamsika pamapezeka chimanga wamba chopaka utoto chogulitsidwa ngati haibulidi. Kameredwe sikangakuuzeni ngati mtunduwo ndi weniweni, koma ngati mbewu yogula yamera theka, muli ndi umboni woti mupite nawo kwa alangizi.

Madzi a mchere posankha mpunga

Njere zopanda kanthu ndi zosakhwima bwino zimayandama m'madzi a mchere. Thirani mchere m'ndowa ya madzi, mukutakasa, mpaka dzira laliwisi la tsiku lomwelo liyandame n'kuonetsa kamsana kakang'ono ngati ndalama yachitsulo. Chotsani dziralo, thirani mpunga, takasani, yoolani zoyandama. Zomira zitsukeni katatu ndi madzi abwino nthawi yomweyo. Kuti mudzionere nokha phindu lake, ikani njere 100 zomira ndi 100 zoyandama pa nsalu ziwiri n'kufananiza pa tsiku la 5.

Mgolo wa madzi: ndi mpunga uti ungapirire kumira?

Mpunga umakonda madzi kumapazi, osati kumutu. Ukamira wonse, mpweya wotchedwa ethylene umaunjikana m'thupi mwake n'kuuchititsa kutalika mofulumira kuti masamba afike pamwamba pa madzi. Potero umatha chakudya chonse chomwe unasunga. Ngati madzi ndi osaya, umapulumuka. Ngati ndi akuya, umakhala watha mphamvu pachabe, ndipo madzi akaphwa umagwa n'kuwola. Mitundu yambiri wamba imayamba kufa ikamira kupitirira sabata imodzi.

Alimi a ku Odisha m'dziko la India anali ndi mpunga wamakolo, womwe akatswiri anautcha FR13A, wochita zosiyana. Ukamira umangokhala phee, osatalika, kusunga mphamvu mpaka madzi ataphwa. Mu 2006 akatswiri anasindikiza zotsatira zoonetsa chomwe chimachititsa khalidweli m'chibadwa cha mpungawo, n'kuchitcha SUB1A. Bungwe la kafukufuku wa mpunga la IRRI la ku Philippines linalowetsa khalidweli m'mitundu yobereka kwambiri, ndipo mu 2009 dziko la India linaloleza mtundu wa Swarna-Sub1, womwe umapirira kumira pafupifupi sabata ziwiri. Kuyesa komwe kunathandiza pa ntchito yonseyi ndi kophweka: kumiza mbande m'thanki n'kuwerenga zopulumuka. Mgolo wa malita 200 ungagwire ntchito ya thankiyo.

Dulani pakati mabotolo apulasitiki a malita awiri, bowolani pansi, ikani timiyala pansi kuti asayandame, dzazani dothi la m'munda wanu wa mpunga. Mtundu uliwonse, kaya ndi Kilombero, Faya kapena wina womwe mwaupeza kwa anzanu, ukhale ndi mabotolo asanu ndi limodzi, lililonse mbande khumi. Mbande zikakwana masiku 14, yezani kutalika kwake ndi lula, lembani. Mabotolo atatu a mtundu uliwonse amangeni chingwe n'kuwatsitsira mu mgolo. Atatu enawo akhale panja, mukuwathirira. Dzazani madzi mpaka apitirire nsonga za masamba ndi masentimita 30 kapena kuposa, ndipo muzionjezera kuti tsamba lililonse lisatulukire.

Madzi ake aganizireni. Madzi oyera a pa mjigo amalola kuwala kufika pa masamba, ndipo mbande zimakhalitsa. Madzi osefukira enieni ndi amatope, amatseka kuwala ndi kumata masamba, choncho amapha msanga. Ngati munda wanu umamira ndi madzi a mtsinje, sungunulani dothi pang'ono mu mgolomo kuti zifanane ndi zomwe zimachitikadi.

Pa tsiku la 10 tulutsani mabotolo onse. Yezaninso kutalika. Musaweruze tsiku limenelo, chifukwa zonse zidzaoneka zomvetsa chisoni, zotuwa ndi zogona. Ziikeni pamthunzi wopepuka, muzithirira, dikirani masiku 14. Mbande yopulumuka ndi yomwe yatulutsa tsamba latsopano lobiriwira. Werengani pa 30 za mtundu uliwonse. Mukaona kusiyana kwa mbande ziwiri kapena zitatu, musapangepo nkhani. Ndi mwayi chabe. Koma ngati mtundu wina wapulumuka 22 ndipo unzake 6, m'mabotolo onse atatu mofanana, mwapeza choti mudzale kumunsi kwa dambo komwe madzi amakhalitsa. Onaninso manambala a kutalika aja: kawirikawiri mtundu womwe unatalika kwambiri m'madzi ndi womwe wafa kwambiri. Kalabu yokhala ndi migolo iwiri itulutse wina pa tsiku la 7, wina pa tsiku la 12.

Mgolo wodzaza madzi ndi ngozi kwa ana aang'ono, ndipo masiku khumi ndi okwanira kuti udzudzu uswane. Phimbani pakamwa pake ndi sefa ya waya kapena chidutswa cha neti yakale yong'ambika, mumange zolimba, ndipo mukamaliza tayani madziwo.

Kuyesa ng'amba

Pa chimanga, mtedza ndi mpunga wa kumtunda, funso ndi la ludzu. Tengani zitini kapena ndowa zakale za malita asanu, zobowola pansi. Thirani dothi lolemera mofanana m'chilichonse, poyeza pa sikelo yomwe mumagulitsira mpunga. Dzalani, ndipo zikamera patulirani kuti chitini chilichonse chitsale ndi mbewu ziwiri. Pakatha sabata zitatu, thirirani zitini zonse mpaka madzi atuluke pansi, zisiyeni usiku wonse, m'mawa ziyezeni pa sikelo. Kuyambira pamenepo theka la zitini za mtundu uliwonse lisalandirenso madzi. Zonse zikhale pomwe dzuwa likufika koma pomwe mungazibise msanga, chifukwa chizimalupsa akangogwa usiku umodzi, ntchito yonse yabwerera poyambira.

Muziyang'ana kawiri patsiku, mbandakucha ndi masana. Chimanga chopinda masamba masana n'kuwatambasula pofika m'mawa chikungodziteteza, sichinafike poipa. Lembani tsiku lomwe chitini chilichonse chayamba kucha masamba ali opindabe. Pamene mtundu wofooka kwambiri wakhala chotero masiku atatu, thirirani zitini zonse tsiku limodzi, ndipo pakatha sabata werengani zomwe zadzuka.

Sikelo ikuthandizani kupewa bodza lomwe limanamiza ambiri. Mbewu yaing'ono, yokula mochedwa, imamwa madzi ochepa, choncho chitini chake chimauma mochedwa ndipo imaoneka ngati yopirira. Kumunda mbewu yotereyi ikhoza kungokhala yosabereka. Muziyeza zitini pa masiku awiri aliwonse. Magalamu 100 otsika pa sikelo ndi mamililita 100 a madzi omwe achoka. Ikani pambali chitini chimodzi cha dothi lokhalokha chopanda mbewu, kuti mudziwe madzi omwe dzuwa likutenga palokha. Mtundu wopiriradi ndi womwe ukadali chilili pamene chitini chake chapepuka mofanana ndi cha unzake womwe wafota.

Pomaliza ng'ambani zitini ziwiri, tsukani dothi pang'onopang'ono m'beseni, yalani mizu pa nyuzipepala. Mu dothi la mchenga la kunyanja kuno madzi amathawira pansi msanga, ndipo mbewu ya mizu yopita pansi ndi yomwe imawatsatira.

Chinangwa

Mitengo ya chinangwa yomwe yakhala pamthunzi kudikira mvula imauma pang'onopang'ono. Chekani ndi mpeni: utomoni woyera ukatuluka nthawi yomweyo, mtengowo uli moyo. Dulani zidutswa 20 za masentimita 25 mpaka 30 kuchokera m'mitolo yosiyanasiyana, zikani mu mchenga wonyowa, werengani zophuka pakatha sabata zitatu. Yang'anitsitsani masamba oyambawo. Akatuluka opiringizika ndi a mawanga achikasu, mtolowo uli ndi khate, ndipo mukaudzala mwadzala matenda. Masamba abwino pa msinkhu umenewu sakutsimikizira kuti mulibe matenda oola mizu aja ofala m'mbali mwa nyanja. Amenewo muziwayang'ana pa munda womwe mukutengako mitengo, pozula ndi kudula chinangwa chake.

Pomwe chitini chimalekezera

Zonsezi zikukuuzani za mbewu ikadali yaing'ono. Chimanga chimapwetekeka kwambiri ndi ng'amba pa nthawi ya ngayaye ndi ndevu, mpunga pa nthawi yotulutsa ngala, ndipo chitini sichingakufikitseni pamenepo. Mitundu ya chimanga yopirira chilala monga ZM 309 ndi ZM 523, yomwe inafika kwa alimi a m'Malawi mu 2009 kudzera mu ntchito ya bungwe la CIMMYT ndi akatswiri a boma, inasankhidwa m'minda momwe ankadula madzi dala pa nthawi ya ngayaye. Chitini sichikuuzaninso za fungo la mpunga, kusweka kwake pa chigayo, kapena mtengo womwe ogula a pa msewu wa M5 angapereke. Mtundu wopulumuka mu mgolo koma wosafunidwa pa msika ndi wa kumalo omira okhaokha, osati munda wonse.

Choncho mitundu iwiri kapena itatu yomwe yachita bwino pakhonde ipite kumunda pa timagawo ting'onoting'ono, moyandikana ndi mbewu yanu ya nthawi zonse. Njira yotereyi inayambira kuno ku Malawi m'zaka za m'ma 1990 ndi katswiri Sieglinde Snapp, ndipo imatchedwa ya mayi ndi mwana: munda umodzi waukulu wa pamudzi umakhala ndi mitundu yonse mobwereza, ndipo alimi ambiri amatengako mitundu yowerengeka kukayesa m'minda yawo. Kalabu ya anthu khumi, ena a kudambo ena a kumchenga, ingaphunzire zambiri pa chaka chimodzi kuposa mlimi mmodzi pa zaka zisanu. Onetsani kope lanu kwa alangizi a m'dera lanu, ndipo kudzera mwa iwo funsani mitundu ya mpunga yololedwa kuchokera ku Lifuwu ndi ya chinangwa kuchokera ku Mkondezi ku Nkhata Bay, kuti nayonso ilowe mu mgolo ndi mu mchenga chaka chamawa.

Werengerani masiku mobwerera m'mbuyo. Kuyesa kwa mgolo kumatenga masiku 38, kwa ng'amba pafupifupi sabata zisanu ndi imodzi, kwa kameredwe sabata imodzi kapena ziwiri. Kuti mayankho akupezeni musanafese nazale ndi kudzala, mabotolo ndi zitini zidzalidwe sabata yoyamba ya Okutobala, ndipo nsalu za kameredwe zinyowetsedwe pasanafike pa 10 Novembala, kuti ngati mbewu yakanika mukhale ndi masiku okasaka ina.